Telala Amene Mnzake Anatsala M'nyanja ya Mchere

Kwa Malemia, pakhonde la golosale ina yoyang'ana msewu wa ku Liwonde, pankakhala telala wamfupi wa mapewa otakata, dzina lake Che Rashidi Makaiko. Zala ziwiri za dzanja lawo lamanzere sizinkapindika. Ankasoka choncho, nsalu akuikankha ndi chikhatho, ndipo msoko wawo unkawongoka bwinobwino. Mlendo aliyense amene anafika m'derali cha m'ma 1980 ankadabwa ndi chinthu chimodzi. Anthu ambiri a mbali ya ku Mishoni ankadutsa khondelo nsalu ili m'khwapa, n'kukasoketsa kwa telala wina patsidya pa mtsinje wa Domasi, amene ankachedwetsa zovala mpaka tsiku la ukwati. Ukafunsa chifukwa, ankakuyankha motsitsa mawu kuti munthu ameneyo anapita kunja ndi mnzake n'kubwerako yekha.

Zimenezo zinali zoona. Mnzakeyo anali Isaki, mwana wa mkulu wa mpingo ku Domasi Mishoni. Awiriwa anakula akuwedza limodzi mumtsinje, wina Msilamu, wina Mkhristu, ndipo palibe ankaona chachilendo. Mu 1961, ali anyamata a ndevu zongomera kumene, anakwera sitima ya pamtunda ku Limbe n'kukatsikira ku Beira. Kumeneko ananyamula matumba padoko kwa miyezi ingapo.

Tsiku lina padokopo panaima sitima yoyera imene sinkanyamula katundu kapena anthu a paulendo. Inali ya akatswiri ofufuza za m'nyanja. Zaka zimenezo mayiko ambiri anatumiza sitima zawo kuti zikayeze nyanja yaikulu ya pakati pa Afirika ndi India, chifukwa za pansi pake zinali zisanadziwike kwenikweni. Rashidi ndi Isaki sankadziwa chilichonse cha zimenezi. Anangomva kuti antchito ena a m'sitimayo adwala ndipo akufuna amuna a mikono yolimba. Isaki, amene ankadziwa Chingerezi cha kusukulu ya mishoni, analankhulira onse awiri, ndipo anawalemba ntchito.

Ntchito yake inali ya waya. Kumbuyo kwa sitima kunali chimpukutu cha waya chachikulu ngati nkhokwe. Sitima ikaima pakati pa madzi, popanda mtunda kumbali iliyonse, ankatsitsa wayayo pang'onopang'ono. Isaki ankaima pa kansanja kachitsulo kotulukira kunja kwa sitima, n'kumamangirira pawayapo mabotolo achitsulo okhala ndi timagalasi toyezera kuzizira kwa madzi. Rashidi ankagwira buleki ya chimpukutucho. Waya akapita yense, ankatsetsereketsa kachitsulo kolemera kamene kankatsika n'kukatseka mabotolo onse kuya komweko, kenako injini inkakoka. Masiku ena ankatsitsa ukonde, masiku ena chimpope chimene chinkabaya pansi n'kubwera ndi matope. Matopewo ankafika ozizira ngati achokera m'firiji, ndipo akatswiri aja ankawadula mosamala ngati akudula buledi wa alendo.

Isaki anali wa mafunso. Ndiye ankabwera kudzauza Rashidi kuti makina olira usana ndi usiku m'chipinda cha pakati akutumiza mawu pansi pa nyanja n'kudikira kuti abwerere, ndipo mzere umene akujambula papepala ndi mapiri ndi zigwa za pansipo. Rashidi sankafunsa zambiri. Ankangoyang'ana zimene ukonde watulutsa: tinsomba takuda tokhala ndi timiuni m'mbali, tina ta mano aatali kuposa mutu wake, tina tofika pamwamba maso atatuzuka chifukwa chochoka kozama.

Mu 1964, kum'mwera kwa Madagasika, kunja kuli mphepo, waya anaduka ali mkati mokoka. Mbali imene inatsala inabwerera ngati chikoti. Inamenya dzanja la Rashidi pabuleki, n'kukankha Isaki pa kansanja kaja. Rashidi anaona malaya a mnzake pamwamba pa funde kamodzi, kawiri, kenako sanawaonenso. Sitima inazungulira pamalopo mpaka mawa lake. Kenako mkulu wa sitima anasonkhanitsa anthu onse, anawerenga mawu a m'Baibulo, ndipo ntchito inapitirira.

Atabwerera kumudzi, Rashidi asanafike n'kwawo komwe, anayamba kupita ku Mishoni atanyamula sutikesi ya Isaki pamutu. Bambo ake a Isaki anali atamwalira. Anapeza amayi ake a Isaki ndi mchemwali wake Enifa akusenda chinangwa. Anakhala pansi n'kufotokoza zonse. Mayiwo anamvetsera mpaka kumapeto.

"Manda ake ali kuti?" anafunsa.

"Kulibe manda, mayi. Kuli madzi okhaokha."

"Madzi ake ndi akuya bwanji oti amuna odzadza sitima n'kulephera kuvuula mwana wanga?"

Rashidi analoza phiri la Malosa n'kunena kuti ngakhale mutaliika m'madzimo, n'kusanjikapo lina pamwamba, nsonga yake siingaoneke. Mayiwo anaimirira. Kenako analowa m'nyumba. Sanalire maliro, ndipo anakana kuti wina aliyense alire. Anamwalira patapita zaka akuyembekezerabe mwana wawo.

Manong'onong'o anayamba pamene Rashidi anagula makina osokera ndi njinga. Ena ankati anagulitsa mnzake kwa azungu. Ena ankati anamukhwimira, ndipo zala zouma zija ndiye chizindikiro cha mankhwalawo. Pepala lochokera kwa eni sitima analipereka kubanjako, koma anthu anati pepala aliyense angathe kulemba. Enifa akakumana naye panjira ankapatukira kutchire.

Amalume ake a Rashidi anamuitana n'kumulangiza kuti asamukire ku Mangochi kapena ku Limbe, kumene telala sasowa ntchito ndipo palibe angamudziwe.

"Ndikathawa ndiye kuti ndavomera," anayankha. "Ndinabadwira pano, amalume. Amene akuvutika ndi nkhope yanga asamuke iyeyo."

Anaika makina ake pakhonde la golosale, pamsewu penipeni pamene aliyense wopita kuchigayo kapena kokwerera basi ayenera kudutsa. Anakwatira Kuluthumu, amene anthu ankamutcha Abiti Aufi, mkazi wogulitsa mandasi yemwe abale ake anayesa kumuletsa koma iye anati munthu wakupha sagona tulo tabwino chonchija pa benchi masana. Anabereka ana, ndipo womaliza anali mtsikana, Alima.

Chimene chinkakwiyitsa anthu kwambiri n'chakuti Che Rashidi, monga anayamba kutchedwa atakula, sankakhala chete. Akamapalasa makina ankakamba za nyanja kwa aliyense wokhala pabenchi, ndi mawu okweza. Ankakamba za nsomba zoyaka ngati ziphaniphani, za mapiri omira, za madzi a pansi ozizira pamene pamwamba dzuwa likuwotcha. Ndipo nkhani iliyonse inkakhala ndi Isaki. Isaki anati chakuti, Isaki anamanga botolo lakuti. Kwa anthu osakhulupirira, nkhani zimenezi zinkamveka ngati za kumene afiti amapita usiku.

"Bambo ake Alima," Abiti Aufi anawauza tsiku lina akuwapatsa tiyi, "bwanji osangosiya kutchula dzinalo? Anthu akanaiwala kalekale. Inuyo ndi amene mukuwakumbutsa."

"Ndikufuna akumbuke," anatero Che Rashidi. "Ndikasiya ine, anganene ndani kuti Isaki anagwira ntchito yanji? Akuti ndinamugulitsa ngati mbuzi. Munthu uja sanali mbuzi. Ankayeza nyanja."

Mu 1982 kunabwera sing'anga wina wochokera kutali, wa kalilole ndi mchira wa nyama, amene ankati amazindikira mfiti. Anakhazikika pabwalo la mpira, ndipo anyamata ake ankayenda khomo ndi khomo kuuza anthu kuti aliyense akaime pamzere. Midzi inapita. Che Rashidi anatsegula makina awo monga mwa masiku onse. Cha m'ma leveni anyamata atatu anafika pakhonde, kumbuyo kwawo kuli gulu la anthu ofuna kuona.

"Adokotala akuti mwatsala inu nokha," anatero wamkulu wa anyamatawo.

"Kawauzeni adokotala anu kuti ndikusoka."

"Munthu wosalakwa saopa kalilole."

Che Rashidi anaimitsa phazi pa chopondera. "Kaliloleyo anaonapo nyanja ya mchere? Mukamufunse. Akakakuuzani dzina la doko limene tinakwerera, ndi mtundu wa malaya amene Isaki anavala tsiku lomaliza, ndibwera ndekha, ndipo makinawa muwatenge. Koma kundikoka, mundikoka ndi mpando womwe."

Anyamatawo anayang'anizana. Mwini golosale, amene sankafuna phokoso pakhomo pake, anatuluka n'kuwauza kuti achoke asanatumize mwana kupolisi. Anachoka. Madzulo ake sing'angayo analengeza pabwalo kuti mfiti yaikulu ya m'derali yakana kubwera, ndipo aliyense anadziwa amene akunenedwa. Sabata imeneyo anthu ena anabwera kudzatenga nsalu zawo zisanasokedwe. Che Rashidi anazipinda bwinobwino n'kuwapatsa, osachonderera ngakhale mmodzi. Amene anatsala anali a kumzikiti ochepa, ndi madalaivala a malole amene za m'mudzi sankazidziwa. Chaka chimenecho banja linadya mandasi a Abiti Aufi.

Alima anakula akutchedwa mwana wa wokhwima. Anali wanzeru m'kalasi ndipo anasankhidwa kupita kusekondale ina yogonera komweko, m'chigwa chomwecho. Mu 1986, ali fomu fili, Lachisanu lina masana, anafika pakhonde la golosale ali wefuwefu, yunifomu ili thukuta lokhalokha, atatuluka pasukulu popanda chilolezo.

"Ababa, ndakuonani."

"Wandiona kuti?"

Anafotokoza mawu akuphatikizana. Aphunzitsi awo a jogalafe, Mayi Jenifer, anabwereka kanema ku laibulale ina mumzinda, wonena za mbiri ya kafukufuku wa m'nyanja. Kanemayo anayamba ndi zombo zakale za matanga, mmene amalinyero ankayezera kuya ndi chingwe chomangirira mtovu. Kenako anaonetsa sitima za m'ma 1960. Pa sitima ina yoyera panali mnyamata wamfupi atagwira buleki ya chimpukutu cha waya. Alima anawazindikira ndi mmene amapendekera mutu.

Che Rashidi anaimitsa makina. Kenako anafunsa funso limodzi.

"Pa kansanja ka kunja kwa sitima panali munthu?"

"Analipo. Wamtali, wa mpata kumano. Anatembenuka n'kuseka."

Che Rashidi anavundikira makina ndi nsalu ngakhale dzuwa linali lidakali pamutu.

Loweruka m'mawa anavala mkanjo woyera ndi kofia n'kupita kusukuluko. Ahedi anawalandira ataimirira pakhomo pa ofesi. Anamva pempho lawo loti aone kanemayo n'kupukusa mutu. Anati sukulu si holo ya kanema wa anthu a m'mudzi, makina oonetsera ndi a boma, kanemayo akubwerera mumzinda Lachiwiri, ndiponso mwana wawo ali ndi mlandu wotuluka popanda chilolezo.

"Mlandu wa mwanayo mupereke chilango, analakwadi," anatero Che Rashidi. "Koma m'chitini cha filimu chanucho muli nkhope yanga ndi ya mnzanga. Palibe anatipempha potijambula. Ine ndikupempha kuti ndione."

"Bambo, ndanena kale."

Lolemba m'mawa, ana asukulu akupita kumzere, anaona telala akutsitsa makina osokera panjinga kunja kwa geti. Anawaika pansi pa mtengo wa mango, n'kukhala pa kampando, n'kuyamba kusoka. Mlonda atabwera kudzawathamangitsa, anamuonetsa pamene mpanda wa sukulu wathera.

"Apa ndi panjira. Kawauzeni ahedi kuti ndikudikira yankho lina. Poti ndili ndi ana ofuna kudya, ndizidikira ndikugwira ntchito."

Pofika nthawi yopuma, anyamata a fomu folo anali atazungulira mtengowo, ena atabweretsa makabudula ong'ambika. Che Rashidi ankasoka uku akukamba za waya ndi mabotolo. Belu linalira, anyamata osasuntha. Ahedi anatuluka, anayang'ana, n'kubwerera mu ofesi. Patapita kanthawi kunabwera mayi wochepa thupi, wovala magalasi, choko chili m'manja.

"Ndinu bambo ake a Alima? Ine ndine Jenifer. Madzulo ano ma thili koloko ndikuonetsa kanemayo kwa a fomu folo. Ahedi akuti ngati ndikufuna kuitana mlendo m'kalasi mwanga, zili kwa ine, ndipo chikavuta n'changa." Anamwetulira pang'ono. "Ndikukuitanani."

"Zikomo, aphunzitsi. Koma tibwera awiri."

Anasiya makina m'manja mwa mlonda yemwe uja n'kupalasa njinga kupita ku Mishoni. Pakhomo pa Enifa anali asanapondepo chiyambire tsiku la sutikesi lija. Tsopano Enifa anali mayi wa imvi, wamasiye, wa mvano kutchalitchi. Anamupeza akuanika mpunga pamphasa. Atawaona, anaimirira n'kugwira chitenje m'chiuno.

"Mwasochera?"

"Sindinasochere, achemwali. Isaki akuoneka pa kanema kusekondale. Lero lokha. Mawa akupita."

"Musatchule dzina limenelo pakhomo pano."

"Ndilitchula. Ndakhala ndikulitchula zaka zonsezi ndipo simunandiletse, munkangondilambalala. Sindinabwere kudzapepesa, chifukwa sindinalakwe. Sindinabwere kudzakupemphani kuti mundikhulupirire. Ndabwera kudzakuuzani kuti nkhope ya mlongo wanu ili pakhoma ma thili koloko. Mukafuna, keriyala ya njinga ilipo. Mukapanda kufuna, ndikamuona ndekha."

Enifa anayang'ana mpunga, anayang'ana njinga.

"Panjinga panu sindikwera."

"Ndiye nyamukani pompano, chifukwa ndi patali."

Anayenda choncho msewu wonse, Che Rashidi akukankha njinga patsogolo, Enifa m'mbuyo patali ndithu, osalankhulana. Anthu a m'minda ankaimika makasu n'kumayang'ana.

Holo ya sukuluyo inali itatchingidwa ndi mabulangete m'mawindo. Munali fungo la thukuta ndi fumbi. Awiriwo anawakhazika kutsogolo, mpando umodzi wopanda munthu pakati pawo. Alima analoledwa kuima kumbuyo. Makina anayamba kulira, ndipo pakhoma panaoneka zombo za matanga, mapu akale, amuna a ndevu zazitali. Mawu a mzungu wosaoneka ankatchula mayina awo mmodzimmodzi, ndi zaka zimene anayenda, ndi zimene anapeza. Enifa, amene sankamva Chingerezi, anakhala manja ali pamiyendo.

Kenako panabwera nyanja yotuwa, ndi sitima yoyera ikukwera n'kutsika. Panaoneka akatswiri atawerama papepala la mizere, ndipo mawu aja anawatchula mayina. Panaoneka chimpukutu cha waya chikuzungulira, ndi mnyamata wamfupi pabuleki. Ana asukulu anayamba kunong'onezana. Chithunzi chinasuntha kutsata waya mpaka pa kansanja. Mnyamata wamtali anamasula botolo pawaya, analipereka kwa munthu wina, anatembenuka, n'kuseka. Kenako panabwera tinsomba m'beseni.

Che Rashidi anaimirira, mutu wawo n'kutchinga theka la khoma.

"Aphunzitsi, imitsani. Bwezani."

Mayi Jenifer anazimitsa makina n'kufotokoza kuti sangaimike chithunzi pamalo amodzi chifukwa filimu ingapse, koma angathe kubweza. Anabweza. Isaki anamasulanso botolo, anatembenukanso, anasekanso.

"Mzunguyo akuti chiyani pamenepa?" anafunsa Che Rashidi.

Mayi Jenifer anazengereza. "Akuti madzi otengedwa kozama anathandiza akatswiri kudziwa mmene madzi ozizira amayendera pansi pa nyanja kuchokera kum'mwera."

"Dzina la munthu wagwira botololo watchula?"

"Ayi, sanatchule."

"Za waya woduka wanena?"

"Kanemayu ndamuonera kawiri. Palibe pamene akunena."

Che Rashidi anatembenukira ana asukulu. Mumdimamo sankaona nkhope zawo, koma analankhula ngati ali pakhonde la golosale.

"Ana inu, zimene akatswiriwo anachita ndi madziwo ine sindikuzidziwa. Aphunzitsi anu akuuzani, ndipo mumvere. Ine ndikudziwa amene anawatunga. Uyo ndi Isaki, wa pa Mishoni pompa, mlongo wawo wa mayi akhala apawa. Amene walandira botololo ndi Alaudin, wa ku Pemba. Wa pabulekiyo ndine. Isaki anagwa pa kansanja komweko waya ataduka, ndipo ali m'madzi omwewo mpaka lero. Mukamalemba mayeso mulembe mayina a azunguwo, chifukwa ndi amene akupatseni malikisi. Koma musadzanene kuti simunamve."

Anakhala pansi. Enifa ndi amene analankhula, motsitsa.

"Bwezaninso."

Anabweza katatu. Kachitatu Enifa anadzuka n'kuyandikira khoma, ndipo kuwala kunamugwera pamsana, nkhope ya Isaki n'kuoneka pa bulauzi yake. Mayi Jenifer anamupempha mofatsa kuti asunthire pambali. Anasuntha, n'kuonerera ali chiimire, dzanja lili pakamwa.

Atatuluka panja, dzuwa linawathobwa m'maso. Enifa anakonza duku lake.

"Ndaona kuti sitimayo inalipo," anatero osawayang'ana. "Ndaona kuti anali wonenepa, ankadya. Mmene anafera sindinaone."

"Simungaone. Wojambulayo anali atatsika kale ku Mombasa."

"Ndiye mawu ndi anu okhabe."

"Ndi anga okha. Ndipo sindiwasintha."

Enifa ananyamuka wapansi kubwerera kwawo. Che Rashidi anamangirira makina panjinga.

Nkhani ya kanemayo inafika m'midzi usiku usanagwe, ndipo inagawa anthu. Ena anati munthuyu ankanena zoona nthawi yonseyi, n'kuyamba kubweretsa nsalu mwamanyazi, akunamizira kuti telala wa kutsidya wadwala maso. Ena anati kanemayo ndiye umboni weniweni, chifukwa azungu sangasunge munthu m'chitini ngati sanamugule. Izi zitawafika Che Rashidi, anaseka mpaka kutsokomola. Alima anapatsidwa chilango chokumba dzenje la zinyalala, ndipo bambo ake anamutumizira khasu lakuthwa.

Patatha milungu ingapo, mwana wamwamuna wa Enifa, dzina lake Jonasi, anabwera pakhonde. Anali bambo wa ana ake kale. Anavula chipewa n'kunena kuti amayi ake akambirana ndi akulu a mpingo ndi abale, ndipo Loweruka kukhala maliro a amalume ake. Poti thupi palibe, aika thunthu la nthochi m'bokosi monga amachitira akale.

"Amayi anu akuti ndibwere?"

"Sananene kuti mubwere. Angoti ndikuuzeni."

Loweruka m'mamawa adzukulu okumba manda anadabwa kuona Che Rashidi akufika ndi khasu paphewa, mkanjo atausiya kunyumba. Mkulu wawo, bambo wina amene ankakhulupirira kwambiri nkhani ya kukhwima, anawaimirira kutsogolo.

"Manda ano ndi a Akhristu. Komanso inuyo mukudziwa zimene anthu amanena."

"Ndikudziwa. Inunso mumanena. Munthu tikumukumbirayu ndinagona naye chipinda chimodzi zaka zitatu. Pano palibe wina amene anamuona tsiku lomaliza. Sunthani ndikumbe."

Bamboyo sanasunthe. Che Rashidi anamuzungulira, analowa m'dzenje limene linali litafika m'mawondo, n'kuyamba kugwetsa khasu. Amuna awiri anatuluka m'dzenjemo n'kukakhala patali. Jonasi, amene anabwera kudzaona mmene ntchito ikuyendera, anayang'ana kanthawi, kenako anavula malaya n'kulowa ndi fosholo.

Pa mwambo wa kumanda Che Rashidi anaima kumbuyo, manja atapinda, nyimbo za mpingo osaimba nawo. Mbusa atapempha kuti wina anene mbiri ya malemu, mkulu wa banja anafotokoza za ubwana wake ndi sukulu yake, n'kunena kuti kenako anapita kunja ndipo za kumeneko sizikudziwika bwino. Anali pafupi kukhala pansi pamene mawu anachokera kumbuyo.

"Zikudziwika."

Anthu anatembenuka. Mbusa anayang'ana Enifa. Enifa, atakhala pamphasa pakati pa amayi a mvano, anali akulira koyamba chimwalirire mlongo wake. Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje n'kugwedeza mutu kamodzi.

Che Rashidi anapita kutsogolo n'kufotokoza, kuyambira pa doko la Beira. Anthu ena ananyamuka n'kuchoka ali mkati molankhula. Iwo sanafupikitse. Mbusa anayang'ana wotchi kawiri, ndipo mvula inayamba kuwaza asanafike n'ku Madagasika komwe. Amayi anafunda zitenje kumutu, amuna anabisala pansi pa mitengo, ndipo Che Rashidi anapitiriza nkhaniyo mpaka pamene sitima inaleka kuzungulira kufunafuna Isaki.